Iron Gwazi: ng'ona yachitsulo imene anthu anaimezera malovu zaka ziwiri

Kumayambiriro kwa Malichi 2020, alendo a m'paki ya Busch Gardens mumzinda wa Tampa, ku Florida m'dziko la America, anayamba kuima m'njira, maso ali m'mwamba, mafoni ali m'manja. Kasitima kobiriwira ka mutu wa ng'ona kanali kukwera pang'onopang'ono pa njanji yapepo, kulunjika pansonga ya nsanja yotalika pafupifupi mamita 63. M'mipando munalibe munthu, mainjiniya ankangokayesa. Katafika pamwamba kanawerama n'kutsetsereka ndi liwiro loopsa, ndipo posakhalitsa makanema ake anali ponseponse pa YouTube ndi pa Twitter. Otsatira nkhanizi anadziwa tanthauzo lake: roller coaster yatsopano, Iron Gwazi, yatsala pang'ono kutsegulidwa.

Chakudza sichiimba ng'oma. Pa 16 Malichi paki yonse inatsekedwa chifukwa cha mliri wa Covid-19. Zipata zinatsegulidwanso pa 11 Juni chaka chomwecho, koma Iron Gwazi ayi. Chaka cha 2021 chinabwera n'kupita, ili chiimire. Anthu wamba anayamba kuikwera pa 11 Malichi 2022, patatha zaka ziwiri chiyesereni. Nthawi yonseyo inali pomwepo, chapafupi ndi polowera, moti aliyense wolowa m'paki ankayamba waiona kuseri kwa mpanda asanapite kwina.

Ntchito yomanga inali itatha kale, nanga chinaichedwetsa n'chiyani? Ambiri amangoyankha kuti mliri. N'zoona, koma mliri ukufotokoza chaka choyamba chokha. Chaka chachiwiri chili ndi nkhani ina, ndipo kuti timve bwino tiyenera kuyambira patali pang'ono.

Kwa amene sanaionepo, kapena anangomva kwa abale a ku Joni amene anakwerapo Anaconda ku Gold Reef City, roller coaster ya mtundu uwu ndi kasitima kopanda injini. Tcheni chachikulu chimakakoka kukwera nako chitunda choyamba. Phokoso la khethekhethe limene okwera amamva pokwerapo ndi la kachitsulo kamene kamakola m'mano a m'mbali mwa njanji, kuti kasitima kasabwerere chambuyo magetsi akathima kapena tcheni chikavuta. Pansonga tcheni chimakasiya, ndipo kuchokera apo kamayenda chifukwa cha mphamvu yokokera zinthu pansi basi, ngati njinga yotsika phiri. Mawilo ake ali m'magulu atatu: ena pamwamba pa njanji, ena m'mbali, ena kunsi. Amaigwira njanjiyo monga momwe dzanja limagwirira mpini, n'chifukwa chake kasitima sikachoka ngakhale katazondoka.

Pamalo pamene pali Iron Gwazi panali kale roller coaster ina yotchedwa Gwazi, imene inatsegulidwa mu Juni 1999. Inamangidwa ndi kampani ya Great Coasters International, ndipo inali yamatabwa. Inali ndi njanji ziwiri zolukanalukana, ina yotchedwa Lion ina Tiger. Masitima awiri ankanyamuka nthawi imodzi n'kumaphonyana pafupi kwambiri, okwera n'kumaona ngati agundana ndithu. Dzinalo eni ake ankati ndi la chilombo cha m'nthano chosakaniza mkango ndi tiger. Paki yonse ya Busch Gardens ku Tampa anaivekeratu chovala cha Africa, ndipo zigawo zake zili ndi mayina monga Morocco, Egypt, Nairobi, Congo ndi Serengeti. Kale inkadziwika ndi dzina loti The Dark Continent, dzina limene sililowa bwino m'khutu la munthu wa kuno, ndipo anachita bwino kulisiya.

Matabwa ndi nyengo ya ku Florida sizimvana. Kumeneko kumatentha, kumagwa mvula yamphamvu, ndipo mpweya umakhala wachinyezi miyezi yambiri. Thabwa limafufuma, kuuma, kufufumanso, mpaka kupindika; mabawuti amakhwefuka. M'mapaki okhala ndi roller coaster zamatabwa, akalipentala amalawirira m'mamawa kuyenda pa njanji, kugogoda apa, kumanga apo, kuchotsa thabwa lofumbwa. Ngakhale zinali choncho, Gwazi inayamba kugwedeza anthu ngati minibasi pa msewu wokumbika. Mu 2011 anasintha masitima ake kuti izi zichepe. Mu 2012 anatseka mbali ya Tiger. Pa 1 Febuluwale 2015 anatsekeratu yonse, ndipo chimulu cha matabwa chija chinangokhala pamenepo zaka zinayi, chikuchita bii ndi dzuwa ndi mvula.

Kudikira kwa anthu okonda malowa kunayamba nthawi imeneyo, osati mu 2020. Anali ndi chifukwa chokhalira maso kunjira. Ku Hayden, m'chigawo cha Idaho, kuli kampani ya Rocky Mountain Construction, imene ambiri amangoti RMC. Woyambitsa wake Fred Grubb pamodzi ndi injiniya Alan Schilke anapeza njira yopatsira moyo roller coaster zamatabwa zotopa: amachotsa njanji yakale, n'kuika yachitsulo yotchedwa I-Box pamwamba pa mizati yamatabwa, kwina kukweza, kwina kupotoza. Njanji yachitsuloyo imadulidwa ndi makina molondola kwambiri, motero kasitima kamayenda mosalala ndipo kamatha kuchita zimene pa matabwa sikakanatha. Anayamba ndi New Texas Giant ku paki ya Six Flags Over Texas mu 2011. Pofika 2018 anali atamanga Steel Vengeance ku paki ya Cedar Point, ku Ohio, imene okonda masewerawa ambiri anaiika pa mndandanda wa zabwino koposa padziko lonse. Ndiye aliyense woona chimulu cha Gwazi ankafunsa funso limodzi: a RMC abwera liti kuno?

Yankho linabwera mu 2019. Paki inalengeza kuti RMC imanga pamalopo, ndipo mu Sepitembala chaka chomwecho dzina linatuluka: Iron Gwazi, chizindikiro chake ng'ona, kutsegula 2020. Manambala ake anasankhidwa mwadala. Steel Vengeance ndi yotalika mapazi 205 m'miyezo ya ku America. Iron Gwazi anaipanga mapazi 206. Steel Vengeance imatsika chiimire ngati khoma, madigiri 90. Iron Gwazi madigiri 91, kutanthauza kuti njanji imapindikira pang'ono kunsi kwa iyo yokha, okwera osaiona kutsogolo kwawo. Liwiro ndi makilomita 122 pa ola, pamene inzakeyo ndi 119. Phazi limodzi ndi digiri imodzi thupi la munthu silingazisiyanitse, koma zinapatsa paki mawu olemba pa zikwangwani: yaitali koposa ya mtundu wake (wa njanji yachitsulo pa mizati yamatabwa) ku North America, yothamanga ndi yotsetsereka koposa ya mtundu wake padziko lonse.

Mawu amenewa ndi ndalama. Mapaki akuluakulu sadalira matikiti a pachipata okha. Amagulitsa makadi a chaka chonse, amene munthu amalipira kamodzi kapena mwezi ndi mwezi n'kumalowa nthawi iliyonse. Chimene chimakopa banja kugula kapena kuwonjezera khadi ndi lonjezo la chatsopano chimene chikubwera. Roller coaster imayamba kubweretsa ndalama isanathe n'komwe kumangidwa. Anthu a ku Tampa ndi madera oyandikana nawo amene anagula makadi chakumapeto kwa 2019 anagula akuona ng'ona ija pa zotsatsa. Apa m'pamene kuchedwa kwa chinthu chongosangalatsa kumasandukira nkhani ya chilungamo, chifukwa wina anatulutsa ndalama m'thumba atamva lonjezo.

Mliri utafika, mwini wa paki, kampani ya SeaWorld Entertainment, inagwa m'dzenje lakuya. Kumapeto kwa Malichi 2020 inaimitsa kaye ntchito antchito ake oposa 90 pa 100 alionse. Mu Epulo mkulu wa kampani, Sergio Rivera, anatula pansi udindo atangogwira miyezi isanu, ndipo Marc Swanson ndi amene anatenga chiwongolero. Mu 2019 mapaki onse a kampaniyi analandira alendo oposa 22 miliyoni. Mu 2020 anali 6 miliyoni ndi pang'ono. Ndalama zolowa zinatsika kuchoka pa madola pafupifupi 1.4 biliyoni kufika pa madola osakwana theka la biliyoni. Komanso kampaniyi ili ndi katundu amene paki wamba ilibe. Makina ukhoza kuwathimitsa, koma njovu, akadyamsonga ndi ma dolphin amadya tsiku lililonse, alendo abwere asabwere, ndipo amafuna owasamalira ndi madokotala.

Ndalama zikavuta, woyamba kumva kuwawa amakhala kontrakitala. Mu Meyi 2020 RMC inakalembetsa chikalata cha ngongole pa malowo, ponena kuti inali isanalipidwe madola 3.5 miliyoni pa madola 9 miliyoni a ntchito ya Iron Gwazi. M'malamulo a ku America womanga amene sanalipidwe ali ndi ufulu wochita zimenezi: ngongole imamatiridwa pa malo enieniwo, ndipo mwini malo amavutika kuwagulitsa kapena kuwakongolera ndalama mpaka atakonza nkhaniyo. Makontrakitala ena anachitanso chimodzimodzi pa mapaki a SeaWorld. Izi zinali ndi zotsatira zenizeni pa kasitima kaja. Roller coaster simaperekedwa ngati galimoto, kungolandira makiyi. Mainjiniya a kampani yomanga ayenera kukhalapo pomaliza kuyesa, kukonza tinthu totsala ndi kuphunzitsa antchito a paki. Wokongoza amene sanalipidwe sathamangira kutumiza anthu ake kuchoka ku Idaho.

Mpaka apa, ine sindiona wolakwa. Chaka cha 2020 chinagwetsa makampani ambiri, ndipo kusunga ndalama zodyetsera nyama ndi kubwezera anthu pantchito kunali kofunika kuposa kutsegula chosangalatsa chatsopano. Chakumapeto kwa chakacho paki inanena kuti Iron Gwazi itsegulidwa m'miyezi yoyambirira ya 2021, nyengo yozizira ya kumeneko ikatha, ndipo inatulutsa kanema wojambulidwa kuchokera pa mpando wakutsogolo. Anthu anauonera mobwerezabwereza, mitima ili dyokodyoko.

Nyengo ija inafika n'kudutsa. Tchuthi chachikulu cha ana asukulu chinafika, alendo anabwerera m'mapaki a ku Florida mwaunyinji. Pa 10 Juni 2021, ku Orlando, ulendo wa ola limodzi ndi theka pa galimoto kuchoka ku Tampa, kampani ya Universal inatsegula roller coaster yake yatsopano, VelociCoaster, imene mbali yaikulu inamangidwa mliri uli mkati. Anthu ankaima pa mizere yaitali kumeneko pamene ku Tampa ng'ona inali kuseri kwa mpanda. Mu Ogasiti 2021 m'pamene paki inanena tsiku lina: Malichi 2022.

Umboni woti vuto silinali m'makina uli poyera. Iron Gwazi sinali yokha. Kampani yomweyo inali ndi roller coaster zina zitatu zimene zinayenera kutsegulidwa mu 2020: Ice Breaker ku SeaWorld Orlando, Emperor ku SeaWorld San Diego, ndi Pantheon ku Busch Gardens Williamsburg, ku Virginia. Chilichonse chinamangidwa ndi kampani yakeyake: Premier Rides, Bolliger & Mabillard, Intamin, ndi RMC ya Iron Gwazi. Makampani anayi osiyana, mapaki anayi otalikirana, koma zonse zinaima limodzi ndipo zonse zinatsegulidwa pakati pa Febuluwale ndi Malichi 2022. Makina anayi osiyana sadwala tsiku limodzi n'kuchira tsiku limodzi. Chimenecho ndi chiganizo cha kulikulu.

Maganizo a kulikuluko si ovuta kuwamvetsa. Utsopano wa roller coaster umagulitsidwa kamodzi kokha. Manyuzipepala ndi mawayilesi amabwera tsiku lotsegula, osati chaka chotsatira. Ukatsegula pa nthawi imene alendo akunja sangabwere, wataya mwayi umene subweranso, ndipo America inali itatsekera khomo apaulendo ochokera ku Britain ndi mayiko ambiri a ku Ulaya mpaka pa 8 Novembala 2021, pamene anthu a ku Britain ndi ena mwa alendo odalirika a mapaki a ku Florida. Antchito nawonso ankasowa chaka chimenecho, ndipo roller coaster imodzi imafuna gulu lonse: oyendetsa, oona malamba ndi zitsulo za pamiyendo, oyang'anira mizere, amakaniko. Koposa zonse, mu 2021 anthu ankabwera okha. Atatopa ndi kubindikira m'nyumba, sankafuna nyambo. Ndalama zimene SeaWorld inapeza chaka chimenecho, pafupifupi madola 1.5 biliyoni, zinaposa za 2019. Wosunga chuma aliyense akanati nyamboyo isungidwe, idzagwire ntchito chaka chimene anthu adzafune chowakopa.

Pa malonda ndi nzeru ndithu. Koma wolipira nzeru imeneyo anali munthu wa khadi la chaka uja, amene anagula mu 2019, n'kuwonjezeranso atamva za 2021. Chimene chimandipweteka pa nkhaniyi si kuchedwako ayi, koma kutchula nyengo n'kuisiya idutse, miyezi n'kumapita anthu osauzidwa tsiku lina. Munthu akauzidwa zoona amadziwa chochita ndi ndalama zake. Akasiyidwa mumdima amadya mphekesera, ndipo mphekesera zinalidi zambiri: kasitima kakangooneka kakuyenda, kapena antchito akangooneka pa siteshoni, zithunzi zinkafalikira anthu n'kuyamba kuwerengera masiku.

Pali kuchedwa kwina kumene sikuyenera kusokonezedwa ndi uku, ndipo kumeneko ine ndimaima kumbali ya paki. Roller coaster isananyamule munthu imayenda maulendo ambirimbiri itanyamula zidole zapulasitiki zodzaza madzi, zolemera ngati anthu. Amamangirira zipangizo zoyeza mphamvu imene imakankha thupi pa khona lililonse. Kwina amayendetsa chimango chachikulu chofanana ndi pamene manja a munthu wamtali angafike, kuti aone ngati palibe mzati umene angaukhudze. Njanji imagawidwa m'zigawo, ndipo kompyuta siilola masitima awiri kukhala m'chigawo chimodzi. Kachipangizo kamodzi kakangonena zosamveka, zonse zimaima. Amayesa kukuzizira, amayesa kukutentha, chifukwa mawilo ozizira amayenda mochedwa ndipo kasitima kakhoza kulephera kukwera chitunda china n'kutsakamira pakati. Ku Florida, mapaki akuluakulu okhala ndi antchito oposa 1,000 sayenderedwa ndi oyendera a boma monga amachitira ang'onoang'ono. Amakhala ndi oyendera awoawo n'kumapereka malipoti ku boma. Udindo wonse uli pa iwo.

Zimene zimachitika makina akavuta anthu atayamba kale kukwera tinaziona mu 2024. Ku Cedar Point, roller coaster ya Top Thrill 2 inatsegulidwa kumayambiriro kwa Meyi, ndipo patangopita pafupifupi sabata inatsekedwa kuti kampani ya Zamperla ikonze zina pa masitima ake. Sinatsegulidwenso chaka chonsecho, mpaka 2025. Ku Britain, paki ya Thorpe Park inatsegula Hyperia, roller coaster yaitali koposa m'dzikomo ndi mamita 72, pa 24 Meyi. Mawa lake inali yotseka, ndipo inakhala choncho mpaka mu Juni. Anthu anali atagula matikiti, ena atalipira malo ogona, ndipo kudandaula kwawo kunali komveka. Komabe pamenepo wotseka amakhala akuteteza moyo, ndipo injiniya amene wakana kusayina chifukwa chitsulo china sichikumusangalatsa ayenera kumveredwa, ngakhale zikwangwani zitasindikizidwa kale. Iron Gwazi sinali m'gulu limeneli.

Mu Febuluwale 2022 paki inayamba kulowetsa anthu a makadi a chaka, iwo poyamba, milungu ingapo khomo lisanatsegukire aliyense. Kunali kuvomereza kuti ndi iwo amene anadikira kwambiri.

Ulendo wake sukwana mphindi ziwiri. Anthu 24 amakhala awiriawiri, chitsulo chikutsikira pamiyendo, mapewa ali omasuka. Kasitima kamatuluka mu siteshoni yomwe inali ya Gwazi yakale, n'kuyamba kukwera, khethekhethe, mzinda wa Tampa ukutambasuka kumunsi. Pansonga phokoso limaleka. Mutu wa ng'ona umawerama, njanji imasowa m'maso, ndipo okhala kumbuyo amamva akukokedwa kuchoka pa mpando. Pansi liwiro limafika pachimake, thupi limalemera, kenako kasitima kamakweranso n'kupendekera kunja, mbali imene thupi silikuyembekezera. Chotsatira ndi chimene anachitcha death roll: kasitima kamagubuduka kakutsika, pakati pa mizati yamatabwa yoyandikana. Dzinalo anatenga kwa ng'ona, ndipo aliyense amene anakulira m'mbali mwa Shire amadziwa chimene ng'ona imachita ikagwira mbuzi pa dooko: imaluma n'kugubuduka nayo m'madzi. Kuchoka apo ndi timapiri totsatizana, thupi likunyamuka ndi kukhala, kunyamuka ndi kukhala, mpaka mabuleki agwire patatha mamita oposa 1,200 a njanji.

Okwera oyamba anatsika akunena zabwino, ndipo chakumapeto kwa chakacho nyuzipepala ya Amusement Today, imene imapereka mphoto za Golden Ticket, inasankha Iron Gwazi kukhala roller coaster yatsopano yabwino koposa ya 2022. Mbali ina ya matabwa amene okwera amadutsa pakati pake ndi omwe aja anaimikidwa mu 1999. Kuchokera tsiku limene Gwazi yakale inanyamula anthu komaliza kufika tsiku limene anthu wamba anakweranso pamalopo, panadutsa zaka zisanu ndi ziwiri ndi milungu isanu.